Phala la oats likukukanikani kumeza? Nazi njira zoyesa kuno ku Mangochi

A malume anga anabwera kuchokera kuchipatala ndi kapepala konena kuti mafuta achuluka m'magazi, BP nayo yakwera. Anauzidwa kuti achepetse zokazinga ndi mchere, ndipo m'mawa azimwa phala la oats. Tinakagula paketi pa boma n'kuphika ndendende monga zalembedwera kuseri kwake. Akuluwo anatapa supuni imodzi, n'kuyang'ana phalalo likunanda, kenako anandicheukira: "Mphwanga, limeneli ndi phala, kapena mwandipatsa therere lopanda nsima?" Paketi ija inakhala pa shelefu mpaka anankafumbwe anaitulukira.

Makomo ambiri zimathera pomwepo. Ndalama yapita, oats atayidwa, wodwala wabwerera ku mandasi atatu ndi tiyi wa shuga masupuni anayi.

Musanasankhe njira, dziwani kaye chomwe chimakunyansani. Ena ndi kunandako. Ena amati phalalo ndi lozizira, ngati ukutafuna katoni yonyowa. Ena alibe nalo chifukwa china koma kutentha: m'mawa wa Okutobala kuno, dzuwa likangotulukira kutsidya kwa Shire thukuta layamba kale, ndiye mbale yofuka nthunzi imangokhala chilango. Matenda atatuwa sachira ndi mankhwala amodzi.

Kunanda kuja kumachokera ku fayiba (gawo la chakudya lomwe siligayika m'mimba) yotchedwa beta-glucan, ndipo tsoka lake n'lakuti ndiyo imene adokotala akuifuna. M'matumbo imakola zinthu za mu ndulu zomwe thupi limapanga kuchokera ku kolesitolo (mafuta a m'magazi aja), n'kutuluka nazo, choncho thupi limatapa kolesitolo wa m'magazi kuti lipange zina. Imachedwetsanso kukwera kwa shuga mukadya. Bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linavomereza mu 1997 kuti opanga oats azilemba zimenezi pa mapaketi awo, ndipo muyeso womwe umatchulidwa ndi magalamu 3 a beta-glucan patsiku. Amenewo ndi pafupifupi magalamu 75 a oats owuma, kapu imodzi yosadzaza. Paketi ya kilogalamu imodzi, mukamadya choncho, siikwanitsa masabata awiri. Fayibayi simungaichotse, ndipo si zofunika kuichotsa. Chomwe tikufuna ndi kuibisa kuti lilime lisaimve.

Miyeso yomwe ndagwiritsa ntchito

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo: zoonjezera ndi makala zikudya ndalama zingati pamwamba pa paketi ya oats. Kapezekedwe: kodi zinthuzo zilipo chaka chonse, ndipo kodi munthu wa ku Namwera, Makanjira kapena Malindi angazipeze osakwera galimoto. Ntchito yake: nthawi, ziwiya, ndi kasungidwe m'nyengo yathu yotentha. Zoopsa: zomwe zingakudwalitseni kapena kuononga cholinga chomwe munagulira oats. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho njirazi ndiziyerekeza ndi zinzake osati ndi makwacha.

Oats enieniwo ndi mbewu ya kumayiko ozizira monga Canada, Russia, Poland ndi Finland. Omwe timagula kuno ambiri amachokera ku South Africa, monga Jungle Oats, ndiye mtengo wake umayenda ndi kwacha. Pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotereyu ndiye anayamba kukwera mtengo. Mumawapeza m'masitolo akuluakulu a pa boma. Pa hokala ya kumudzi musadalire. Gulani ophwathalala aja, omwe amapsa m'mphindi zisanu. A instant ndi operedwa kwambiri, amananda koposa ndipo amakweza shuga msanga. Odulidwa tizidutswa amatafunika ngati mpunga koma amafuna mphindi 20 mpaka 30 pamoto, ndipo kuno sapezeka wamba. Oats ali ndi mafuta ochulukirapo kuposa chimanga, choncho akakhalitsa pa kutentha amayamba kununkha ngati mafuta akale. Mukatsegula paketi, khuthulirani m'botolo lotseka bwino.

Njira yoyamba: kuwakazinga kaye, n'kusiya mthiko

Ikani oats m'poto wouma, popanda mafuta, muzitembenuza kwa mphindi zinayi kapena zisanu mpaka fungo limveke ngati la mtedza wokazinga. Kenako athireni m'madzi omwe awira kale, makapu awiri a madzi pa kapu imodzi ya oats, ndi kamchere kotsina ndi zala. Takasani kamodzi kapena kawiri, vundikirani, pakapita mphindi zisanu phulani.

Apa pali chizolowezi chovuta kusiya. Tonse tinaphunzitsidwa kuti phala salisiya lokha, umatakasa mpaka mkono kuwawa kuopa mibulu. Oats sachita mibulu ngati ufa, ndipo mthiko ndiwo umafinya kunanda kuja kutuluka m'timbewuto. Mukatakasa pang'ono, timbewuto timakhala tokhatokha. Mchere nawo musaunyoze: ku Scotland, komwe phala limeneli ndi lamakolo, ambiri amaliphika ndi madzi ndi mchere basi, ndipo m'mudzi wa Carrbridge muli mpikisano wa chaka ndi chaka kuyambira 1994 womwe mphoto yake ndi kamthiko kagolide.

Mtengo: palibe choonjezera, kungopsa makala pang'ono.
Kapezekedwe: paliponse pomwe pali mbaula ndi poto.
Ntchito yake: mutha kukazinga a sabata yonse Lamulungu, akazizira n'kuwasunga m'botolo.
Zoopsa: pa mbaula yoyaka bwino amapserera mukangocheuka, ndipo opserera amawawa. Kwa a BP, kumbukirani kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse.

Njirayi ndi maziko. Zina zonse zophika zili m'munsimu zimakoma kwambiri mukayamba ndi oats okazinga.

Njira yachiwiri: kusakaniza ndi mgaiwa ndi nsinjiro

Iyi ndi yomwe ndimauza anthu ambiri kuti ayambire, chifukwa lilime silidabwa. Phikani phala la mgaiwa ndi nsinjiro monga mwa masiku onse, lipse bwinobwino kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, ndiye muthire oats patatsala mphindi zisanu kuti muphule. Mukathira zonse pamodzi koyambirira, oats amasungunuka n'kunanditsa mphika wonse. Yambani ndi theka mgaiwa, theka oats. Pakatha masabata awiri chepetsani mgaiwa pang'ono. Kuyamba pang'onopang'ono kumathandizanso m'mimba, poti munthu wosazolowera akadya oats ambiri tsiku loyamba amatupidwa ndi mpweya.

Mtengo: iyi ndiyo imatalikitsa moyo wa paketi. Koma tinene zoona, mukadya theka la oats mwalandiranso theka la beta-glucan. Amene wauzidwa ndi adokotala aone njirayi ngati mlatho, osati pofikira.

Kapezekedwe: mgaiwa uli pa chigayo chilichonse. Mtedza, kaya CG7 kaya Chalimbana, wambiri umachokera chigawo chapakati, ku Mchinji ndi Kasungu uko. Umatsika mtengo akakolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo pofika Disembala umakhala wakwera.

Ntchito yake: ndi yotenga nthawi ndi makala kuposa zonse. Nsinjiro nazo sizikhalitsa pa kutentha kwa kuno. Sinjani za masiku atatu kapena anayi basi.

Zoopsa: chuku. Mtedza wosauma bwino kapena wosungidwa ponyowa umachita nkhungu yotulutsa poizoni wa aflatoxin, yemwe amaononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo safa ndi kuphika. Alimi ena amawaza madzi pa makoko kuti asavutike kuswa, ndipo pamenepo ndi pomwe chuku chimayambira. Nsinjiro za m'timapepala ta pamsika simungadziwe kuti zinasinjidwa kuchokera ku mtedza wotani. Kawirikawiri wonyala ndi wosweka ndi umene umathera mumtondo. Gulani mtedza wathunthu, musankhe nokha, mutaye wonyala, wakuda ndi wowawa. Chiponde cha m'botolo chitha kulowa m'malo mwa nsinjiro, koma werengani kuseri: china amathiramo shuga, mchere ndi mafuta. Amene akufuna kuchepetsa thupi asapitirire supuni ziwiri, ndipo amene mtedza umamutulutsa zidzolo kapena kumubanikitsa ayiwale njirayi.

Njira yachitatu: malambe ndi zipatso za nyengo

Ife a ku Mangochi kugula madzi a zipatso a m'katoni kuti tithire m'phala ndi kudzinyoza. Msewu wonse wopita ku Monkey Bay ndi milambe yokhayokha. Kuwawasa kwa malambe kumadula kunanda ndi kuzizira nthawi imodzi. Nyikani malambe m'madzi owiritsa omwe azizira, fikisani, sefani nthanga, ndiye muthire madzi okhuthalawo pamwamba pa phala mutaphula kale. Mukawaphikira limodzi, vitamini C yemwe ali wambiri m'malambe amaonongeka ndi moto. Mukathiramo ndi mkaka, zimalimba n'kumveka ngati yogati. Bwemba amagwira ntchito yomweyo koma ndi waukali, pang'ono basi.

Nthochi yakupsa kwambiri, ija ogulitsa amatsitsa mtengo chifukwa yada khungu, mukaikanya m'phala shuga safunikanso. Mango ndi papaya zimakoma zoduladula pamwamba.

Mtengo: wotsika, makamaka pa nyengo yake.
Kapezekedwe: malambe amachuluka m'chilimwe ndipo amasungika miyezi, mango ndi a Novembala mpaka Januwale, nthochi ndi papaya sizisowa kwenikweni.
Ntchito yake: kusefa malambe m'mawa uliwonse kumatopetsa. Ufa wa malambe wosefa kale umachepetsa ntchito, koma usungeni pouma.
Zoopsa: malambe amawawasa, ndiye dzanja limathamangira ku shuga. Ndinaonapo munthu akuthira masupuni atatu akudzitama kuti akudya zopatsa thanzi. Odwala shuga asamale ndi mango ndi nthochi zakupsa kwambiri: theka la nthochi likwanira.

Njira yachinayi: osaphika, kungonyika

Oats ophwathalala anatenthedwa kale ndi nthunzi ku fakitale, choncho akafewa amadyeka osaphika. Maganizowa si atsopano. Dokotala wina wa ku Zurich, Maximilian Bircher-Benner, cha m'ma 1900 ankapatsa odwala ake oats onyika osakaniza ndi apulo wopala. Kwathu kuno chambiko chimachita bwino kwambiri: oats theka la kapu, chambiko kapena yogati wopanda shuga theka la kapu, madzi pang'ono, m'botolo, mufiriji usiku wonse. M'mawa muikepo nthochi kapena mango. Popeza sanalawe moto, sananda ngati phala, ndipo ndi ozizira. Kwa munthu amene amadana ndi phala lotentha mu Okutobala, palibe njira yoposa iyi. M'mwezi wa Ramadan ndi chakudya chabwino cha m'bandakucha: palibe kukoleza moto, ndipo chimakhalitsa m'mimba.

Mtengo: wokwera. Chambiko cha m'sitolo tsiku ndi tsiku chitha kudya ndalama zoposa za oats enieniwo.
Kapezekedwe: pa boma ndi ku Monkey Bay inde, kutali ndi magetsi ayi.
Ntchito yake: mphindi ziwiri usiku, botolo limodzi lotsuka.
Zoopsa: apa ndiye pofunika kumva bwino. Za mkaka zosaphika sizigona panja kuno. Magetsi akazima usiku n'kubwera m'bandakucha, botolo lija lakhala maola angapo pa kutentha inu muli mtulo. Likamveka fungo lachilendo kapena likachita thovu, tayani. Madzi akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, pomwe Mangochi inali m'gulu la maboma omwe anavutika koposa. Ngati mulibe firiji, musanyike usiku: nyikani m'mawa momwemo kwa mphindi 20 m'madzi owiritsa ozizira, muthire chambiko pomwe mukudya.

Njira yachisanu: kuwadya ngati chakudya chamchere

Funso la a malume lija linandikhala m'mutu. Munthu yemweyo amamaliza mbale ya therere n'kunyambita zala. Ndiye vuto silinali kunanda ayi. Linali kunanda kwa shuga. Lilime lathu linazolowera kuti choterera chimabwera ndi mchere, tomato ndi tsabola.

Tsiku lina ndinakazinga anyezi ndi tomato ndi kasupuni kamodzi ka mafuta, n'kuthiramo oats okazinga, madzi makapu awiri, ndi bonya wokazinga wosinja pang'ono. Zitapsa ndinaika dzira lowiritsa pambali. Sindinatchule dzina lakuti phala. A malume anadya mwakachetechete, atamaliza anati, "Mawa muonjezere tsabola, mphwanga." Mpaka lero ndi mmene amadyera, masiku ena ndi mpiru woduladula kapena chisoso m'malo mwa nsomba.

Mtengo: wapakati. Dzira ndilo limakweza. Bonya wa dzanja limodzi amakwana masiku angapo.
Kapezekedwe: tili kunyanja. Kungoti usipa ndi bonya zimakwera mtengo mwera ukamaomba, Juni mpaka Ogasiti, asodzi akamalephera kulowa m'madzi, komanso mwezi ukakhala wowala, poti usipa amaukopa ndi nyali usiku wamdima.
Ntchito yake: mphindi 15, poto mmodzi. Sizisungika, zikazizira zimauma ngati nsima ya dzulo.
Zoopsa: mchere ndi mafuta. Timakyubu tokometsera ndiwo ndi mchere wokhawokha, ndipo nsomba zina zouma zimakhala zothira kale mchere. Wa BP alawe asanathire wina. Nsomba zoyanikidwa pamchenga zitsukeni, apo ayi mano adzakuuzani.

Sikuti aliyense angaikonde. Mlamu wanga analawa n'kunena kuti zikungokhala ngati mpunga womwe waphikidwa ndi munthu wokwiya.

Njira yachisanu ndi chimodzi: zitumbuwa ndi chigumu

Kanyani nthochi ziwiri zakupsa, thirani kapu ya oats ndi dzira limodzi, dikirani mphindi khumi kuti zifewe, ndiye muphike timagawo tophwathalala pa chiwaya chongopaka mafuta. Kapena pangani chigumu, theka mgaiwa theka oats, ndi soda pang'ono, mumphika wa makala pansi ndi pa chivundikiro. Kunanda kumatheratu, ndipo ana sadziwa n'komwe kuti adya oats.

Mtengo: wapakati, chigumu chimadya makala.
Kapezekedwe: zonse zili pamsika.
Ntchito yake: si za m'mawa wothamangira kuntchito. Phikani madzulo. Zimanyamulika m'chikwama cha kusukulu kapena paulendo wa minibasi wopita ku Liwonde, koma pa kutentha kwa kuno zidyedwe pasanathe masiku awiri.
Zoopsa: mukazimiza m'mafuta ngati mandasi, mwabwerera pomwe munachoka. Komanso zimakoma, ndiye munthu amadya zisanu osazindikira.

Njira yachisanu ndi chiwiri: timapaketi tokometsera kale

Tija tolembedwa kuti muli kukoma kwa apulo, karamelo kapena chokoleti. Mtengo wake pa galamu ndi wokwera kuposa njira zonse. Timapezeka m'masitolo akuluakulu okha. Ntchito palibe, madzi otentha basi. Choopsa ndi shuga: tembenuzani paketi muone pomwe walembedwa pa mndandanda wa zomwe zilimo, nthawi zambiri amabwera wachiwiri pambuyo pa oats. Ndi oats operedwa kwambiri, choncho amene amadana ndi kunanda sapindulapo kanthu.

Ndiye inu mutenge iti?

Ngati chokunyansani ndi kunanda kokha, kazingani ndi kusiya mthiko musanaononge ndalama pa china chilichonse. Zikakanika, yesani yamchere ija, makamaka ngati therere mumalikonda.

Ngati mwauzidwa kuchipatala kuti kolesitolo wakwera, mukufunika njira yomwe oats ake ndi okwanira kapu yosadzaza ija: yoyamba, yachinayi kapena yachisanu. Ya mgaiwa ikhale yoyambira mwezi woyamba. Mapiritsi omwe munapatsidwa musasiye chifukwa cha phala.

Odwala shuga apewe timapaketi tokometsera ndi oats a instant. Oats okazinga ndi supuni ya nsinjiro, kapena amchere ndi dzira, ndiwo abwino. Ngati muli ndi kamakina koyezera, yezani patatha maola awiri muone mmene thupi lanu layankhira.

Banja lalikulu lomwe paketi imodzi iyenera kufika kumapeto kwa mwezi: mgaiwa, nsinjiro zosankha nokha, ndi oats pang'ono. Kwa ana okana phala, zitumbuwa. Mwana wosakwana chaka musamuthirire uchi.

Wa pa boma yemwe ali ndi firiji ndipo amadzuka mochedwa, anyike usiku, koma sabata yomwe magetsi akuvuta abwerere ku poto. Wopanda firiji anyike m'mawa. Timapaketi tija tisungireni ulendo, pomwe muli ndi fulasiki ya madzi otentha basi.

Ndipo ngati palibe dokotala amene wakuuzani, mwangoona pa Facebook kuti anthu otsogola amadya oats, pomwe thumba silikulola: phala la mgaiwa ndi nsinjiro kapena Likuni Phala ndi kadzutsa wokwanira, ndipo fayiba yosungunuka imapezekanso mu nyemba, nandolo ndi therere lomwe a malume ankalitchula lija.